Khutu Langa Lamanzere

Khutu langa lamanzere linafa
chaka chimene mng'ono wanga Sangkala anaduka dzanja.
Tinkathira feteleza m'botolo,
kuyatsa chingwe, kuwerenga mpaka kanayi, kuponya.
Nyanja inkatumphuka, n'kugwa,
nsomba n'kuyandama, mimba zoyera kuloza kumwamba,
ife n'kumangotola
ngati zipatso zogwa ndi mphepo.

Masiku ano ndimayendetsa bwato la eni.
Mwezi wa mvula anandilemba ganyu awiri a ku Makassar:
Mayi Tenriabeng a kuyunivesite, owerenga nsomba,
ndi Rusdin, mnyamata woimba kachapi wa zingwe ziwiri,
amene anasanza ulendo wonse.
Analibe ukonde, analibe mbedza.
Anatsitsa kamaikolofoni pachingwe,
kochepa ngati dzira la nkhunda.

Kumpoto kwa chilumba, kumene mabomba athu sanafike,
anandiveka zomvera kumutu.
Zaka makumi anayi ndili pamwamba pa madzi awa,
ndinkayesa pansipo n'chete.
Ha! Chiwaya chili pamoto!
Tinkhanu tikuthetheka ngati mafuta,
nsomba ina ikung'ung'udza,
ina ikugogoda osaleka
ngati wangongole pakhomo m'mamawa.
Mayi aja anati, ana a nsomba obadwira kutali
amalondola phokoso limeneli pofuna kwawo.

Kenako anati, tiperekezeni pamene panafa.
Sindinafunse kuti n'pati.
Dzanja linakhotetsa lokha tsigiro.

Pamenepo, zii.
Ndinavula chomvera, n'kuchitembenuza,
poyesa ndachivala kukhutu lakufa.
Zii ndithu.
Miyala yomwe inali yamoyo ili mbwee pansi,
yotuwa ngati mafupa.

Pobwerera awiriwo anakangana.
Mayi ankafuna mawu a nyanja okhaokha, osathira kanthu.
Rusdin anati, manambala anu ndani anawalirapo?
Mayi anati, nanga nyimbo yako idzaswa nsomba zingati?
Ine ndinangoyang'ana injini.

Anakazitchera kumsika wa nsomba ku Paotere,
masipika anayi pakati pa madengu ndi ayezi,
tambala asanalire kachiwiri.
Chiwaya chija chinadzaza denga lamalata,
kachapi akuyenda pansipansi, osapikisana nacho.
Amayi opala mamba anaimika mipeni.
Wina anaseka. Wina anafunsa ngati wailesi yawonongeka.

Sangkala anabwera, sindinamuitane.
Makutu ake onse awiri anapita ndi dzanja lija.
Anakankha anthu, n'kugwada,
n'kugunditsa chitsa cha mkono wake pasipika.
Ndinaona kunjenjemerako kukukwera
mpaka paphewa, mpaka m'nsagwada.

Pomwepo anaika za malo akufa aja.
Rusdin anagwira zingwe ndi chikhatho.
Msika wonse unamva ayezi akusungunuka,
dontho, dontho, pasimenti.
Sangkala anakanikiza chitsacho zolimba,
kufunafuna,
milomo yake ikuyenda yopanda mawu.
Ndinaiwerenga milomoyo:
chimodzi, ziwiri, zitatu...
Sanafike pa zinayi.

Sipika imodzi tinakaimangirira pansi pa madzi,
pamene panafa paja,
kuti iziitana usana ndi usiku
ndi mawu obwereka kumpoto.
Lachisanu lililonse tikatuluka kumzikiti
ndimapita kukasintha batire.
Mwina tikunamiza ana a eni.
Mayi akuti pakufunikanso kubzala miyala yamoyo,
apo ayi alendowo adzapeza nyumba zopanda madenga.

Dzulo ndinamira ndi galasi kumaso,
ndinapeza tinsomba tachikasu tikuzungulira chingwe.
Ndinatiwerenga kawiri.
Mayi pafoni anati, tisanu ndi tiwiri si umboni,
tidikire chaka.
Ndinavomera.

Koma madzulo ndinapita kwa Sangkala,
ndinamupeza akusoka ukonde ndi mano ndi chala chakuphazi.
Ndinatambasula dzanja lake lotsalalo,
zala zisanu,
n'kuonjezapo ziwiri zanga.